Kosi ya Chingerezi ya madzulo muno mu Tete, mmene ndayionera ine

Anthu angapo akhala akundifunsa pa WhatsApp za sukulu ya Chingerezi yomwe ndimapitako ndikaweruka, ena akwathu ku Ulónguè ena a konkuno ku Matundo, ndiye m'malo moyankha mmodzimmodzi ndingolemba zonse pano, zabwino ndi zowawa zomwe. Dzina la sukuluyo sinditchula ayi, pali zina zoti ndidandaule ndipo sindikufuna wina adzandikoke malaya pa msika wa Kwachena, komanso timasukulu totereti tachuluka mu mzinda muno ndipo timafanana kwabasi, zimene ndinene panozi mukakumana nazonso kwina.

Ine ndimagwira ntchito mu shopu ya masipeya a malole. Madalaivala aku Malawi ndi aku Zambia akabwera palibe vuto timangocheza m'chinenero chathu chomwechi, aku Zimbabwe olowera pa Cuchamano nawonso timamvanako pang'ono pang'ono, koma zikafika pa mapepala, makatalogo, maimelo ochokera kwa otigulitsa katundu ku Johannesburg, apo ndiye ndinkangoyang'ana bwana kumaso. Ndipo si ine ndekha. Chigawo chathuchi chazunguliridwa ndi mayiko atatu, Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, onsewo mapepala awo ndi a Chingerezi, dziko lathu la Mozambique lomwe linalowa Commonwealth kale mu 1995. Ku migodi ya malasha ku Moatize nthawi ya kampani ya Vale, yomwe inayamba kutulutsa malasha mu 2011, mabwana ambiri anali aku Brazil ndipo Chipwitikizi chako chinkakukwanira, koma chigulitsireni mgodi kwa kampani ya Vulcan mu 2022 akuluakulu ambiri ndi amwenye ndipo amene amamva Chingerezi ali patsogolo pang'ono. Mukalasi mwathu pafupifupi aliyense wabwera chifukwa cha ntchito basi, palibe amene akuphunzira kuti azimva nyimbo.

Kulembetsa kwake sikovuta, fotokopiya ya BI (chitupa cha unzika), zithunzi ziwiri zazing'ono zija, ndalama yolembetsera ndi mensalidadi (fizi ya pamwezi) ya mwezi woyamba. Mayi wa pa sekeletariya ndi waulemu, amakulandira bwino, mpaka madzi ozizira anandipatsa. Pamenepa ndilibe nawo mlandu.

Mlandu ukuyambira pa mayeso oti aone uyambire gawo liti. Amakupatsa pepala la mafunso osankha yankho, umachonga chonga, akawerengera akuti iwe pita uko. Palibe amene amakuyankhulitsa olo mawu amodzi. Ndiye taganizani anthu akwathu ku Angónia ndi ku Tsangano, ambiri anakulira ku Dedza kapena ku Ntcheu nthawi ya nkhondo, ena mpaka lero amagula ndi kugulitsa pa Calómuè ndi pa Biri-Biri, wailesi ya ku Malawi imalira m'nyumba tsiku lonse, munthu wotereyu Chingerezi amachimva ndipo amayankhulako ndithu koma kulemba ndi kumene kumamugwetsa. Pepala lija limamuponya kwa oyamba kumene, kukakhala ndi anthu amene sadziwa olo kupereka moni, miyezi iwiri akungobwereza masiku a sabata ndi mitundu ya zovala, kenako watopa wasiya ndalama yapita. Bambo wina wa ku Dómuè tinali naye zinamuchitikira chonchi. Komanso zimachitika mozondoka, mnyamata womaliza 12 kalasi amene galamala anailoweza bwinobwino amakhoza pepala, amamuika pamwamba, akafunsidwa funso pakamwa pamauma gwa. Ndiye abale mukapita kukalembetsa kulikonse limbikirani kuti mphunzitsi akhale nanu pansi mucheze olo mphindi zisanu asanakusankhireni kalasi. Akakana dziwani kuti akungofuna kudzaza mabenchi.

Tsopano nkhani yeniyeni, aphunzitsi. Gawo lathu ali awiri, amasinthana masiku, ndipo kusiyana kwawo ndi kumene kwandipangitsa kulemba zonsezi.

Woyamba ndi mnyamata wophunzira bwino, anamaliza yunivesite, amavala bwino, sachedwa. Koma akalowa amatembenukira ku bolodi n'kuyamba kulemba matebulo a maverebu, ife kukopera, iye kufotokoza m'Chipwitikizi, ife kukoperanso, ola latha. Pa maola awiri munthu umatha kutuluka usanatsegule kukamwa kupatula poyankha kuti ulipo. Ndiye pali china chimene a sukuluwa sanachiganizire, si tonse amene Chipwitikizi chathu n'cholimba. Mayi wina wogulitsa makapulana amene anasiyira 5 kalasi kalekale amayenera kumva Chingerezi, achitembenuzire ku Chipwitikizi cha m'buku chimene mphunzitsi akuyankhula, ndiye achibweretse ku Chichewa m'mutu mwake, pofika pamenepo bolodi yafufutidwa kale. Sikuti mayiyu ndi wofooka m'mutu ayi, masamu a ndalama amatiposa tonse, kungoti njira yake yatalika kawiri.

Wachiwiri ndi bambo wachikulire, kwawo ndi cha ku Tsangano, anathawira ku Malawi ali mwana, pulayimale yonse anaphunzirira ku Ntcheu, anabwerera nkhondo itatha pambuyo pa mgwirizano wamtendere wa ku Roma wa 1992. Awa timangowatchula kuti a titcha. Choko sachigwira kawirikawiri. Akalowa amatikhazika awiriawiri, iwe ndiwe dalaivala wafika pa malire pepala lina lasowa, iwe ndiwe wa kasitomu, yambani. Tsiku lina amati iwe ukufunsidwa ntchito ya ulonda, fotokoza unagwirapo kuti ndipo unachokeranji. Ukalakwitsa sakudula pakati, amadikira umalize kaye ndiye amabwereza chiganizo chako mokonza iwe n'kunenanso. Zikakanikiratu amaponyapo Chichewa mawu awiri atatu, kwa anzathu a mu mzinda muno amaponyapo Chinyungwe, kenako amabwerera ku Chingerezi msangamsanga osakhazikika kumeneko. Ndipo amadziwa pamene ife timagwera, poti nayenso anadutsa momwemo, monga kusokoneza mwamuna ndi mkazi poyankhula za munthu wina popeza kwathu onse ndi iye basi, kapena l ndi r amene kwa ife ndi amodzi, kapena chizolowezi chathu chowonjezera i kumapeto kwa mawu aliwonse. Amatiseka inde koma kuseka kwake si konyoza, ndipo wamanyazi amamuyamba ndi funso lophweka kuti apeze poyambira. Mayi wa makapulana uja tsiku la a titcha amayankhula mpaka kumuletsa.

Chimene ndinganene mosabisa n'chakuti chilichonse chimene ndikutha kuyankhula pa foni ndi kasitomala lero chachokera masiku a bamboyu. Za mnyamata uja zili mu kope, zimathandizako polemba imelo, sindikana, koma kope ndikanatha kukopera kwa mnzanga osalipira kanthu. Mensalidadi ndi imodzimodzi masiku onse, ndiye theka la ndalama yanga likugwira ntchito theka likugona.

N'chifukwa chake ndikuti musalipire musanakhale nawo mukalasi tsiku limodzi kumvetsera, ndipo pemphani kuti likhale tsiku la mphunzitsi amene azidzakuphunzitsanidi, osati amene amamuonetsa kwa alendo. Kulipira poona penti wa pakhoma ndi chikwangwani chokongola kuli ngati kugula thumba la mbatata ya kachewere poona zikuluzikulu zapamwamba zokha. Mukakhala mmenemo musawerenge makompyuta kapena mipando, werengani kuti ophunzira ayankhula kangati. Sukulu yathuyi imalola kumvetsera ulere ukapempha, koma okha sakuuza.

Za kuchuluka kwa anthu, pa kapepala kawo analemba kuti makalasi ndi aang'ono. Kumayambiriro kwa gawo tinadzaza mpaka ena kubwereka mipando kukalasi ina, patapita nthawi anthu anayamba kugwa mmodzimmodzi, wina wasinthidwa shifiti ku mgodi, wina ndalama yavuta, wina mkazi wake wayamba kukayikira zofika usiku, ndiye pano tatsala ochepa ndipo kunena zoona ndi pamene kalasi yayamba kukoma. Chipindacho chili ndi fani imodzi. Amene mumaidziwa Tete mu Okutobala ndi Novembala, dzuwa lopitirira madigiri 40 lija, mukudziwa kuti 18 ola (6 koloko madzulo) makoma amakhala akadali otentha, munthu wagwira ntchito tsiku lonse, kusinza kumabwera kokha. Tengani botolo la madzi.

Mabuku ndi mafotokopiya, ena ofufutika moti zithunzi zake sudziwa ngati ndi galu kapena mpando, ndipo umalipira padera. Zomvetsera amatiikira pa foni ndi kasipika kakang'ono, mawu ake ndi a azungu aku London oyankhula mofatsa bwinobwino za kukwera sitima ndi kugula khofi. Chabwino, koma ine amene ndimakumana nawo ndi mmwenye wothamangitsa mawu, Mzimbabwe, Mbunu wa ku South Africa pa foni yodukaduka, ndipo Chingerezi chawo sichimveka ngati cha mu kasipikamo olo pang'ono. Tinawauza a titcha, tsiku lina anabwera ndi mnzawo dalaivala wa ku Harare kuti tizimufunsa mafunso, kalasi imeneyo inali yabwino kuposa zonse koma inali nzeru yawo okha, si pulogalamu ya sukulu.

Pa ndalama pali timisampha. Mensalidadi ikapitirira tsiku limene anaika amawonjezera muluta (chindapusa), ngakhale malipiro ako achedwe ku ntchito iwo alibe nazo. Ndalama ya mayeso otsiriza ndi ya setifikadu sanatiuze polembetsa, tinangoimva gawo likutha, anthu anakwiya zedi. Funsani zonse tsiku loyamba ndipo akulembereni papepala. Mukalipira pa M-Pesa kapena e-Mola musakhutire ndi meseji yokha, kaitanitseni risiti yodinda, mnzathu wina anauzidwa kuti mwezi wina sanalipire pomwe analipira ndipo foni imene munali meseji inali itabedwa. Ndiye pali ndalama ina imene palibe amaiwerengera, ya thiransipoti. Sukulu ili tsidya la mzinda, ine ndimakhala ku Matundo, kuwoloka mlatho wa Samora Machel popita shapa (minibasi) ilipo, koma potuluka 20 ola mashapa amakhala atachepa, umathera pa chopela (kagalimoto ka matayala atatu) kapena pa njinga yamoto ndipo usiku mtengo amautchula mmene afunira. Nditawerengera mwezi wonse ndalama ya ulendo inatsala pang'ono kufanana ndi mensalidadi yeniyeniyo. Aku Moatize ndiye kwawo n'kutali, pafupifupi makilomita 20, madzulo musayerekeze.

Setifikadu yawo ndi yokongola, ili ndi chidindo, pa kurikulu (CV) imakhala bwino. Koma tisanamizane. Amene akufunsa ntchito yofuna Chingerezi amangotembenuza chinenero pakati pa kucheza n'kuona ngati uyankhe, pepala lija silikuyankhira. Ndipo amene mukufuna maphunziro akunja, kumeneko amafuna mayeso ngati IELTS kapena TOEFL, setifikadu ya kasukulu ka mu bayiro sailandira. Funsaninso kuti magawo awo akufanana ndi chiyani pa muyezo wa luso la chinenero uja wa A1, A2, B1 mpaka C2, chifukwa aliyense amangotcha magawo ake mayina amene wakonda, wina gawo lake lachitatu ndi loyamba la mnzake, ukasamuka sukulu amakubweza pansi. Athuwa nditawafunsa anayang'anizana kaye asanayankhe. Za chiphaso cha boma chololeza kuphunzitsa chilipo, chapachikidwa pakhoma la sekeletariya, kumene simukuchiona funsani.

Zikwangwani zija zakuti yankhula Chingerezi pa miyezi itatu, olo athuwa anali nacho pa geti, ndi bodza lamkunkhuniza kwa munthu woyambira pansi amene amaphunzira maola ochepa pa sabata atatopa kale. Miyezi itatu ukhoza kupereka moni, kunena mtengo, kufunsa njira. Kukangana ndi kasitomala za sipeya yolakwika ndi nkhani ina.

Ena mumafunsa kuti bwanji osangophunzira pa foni. Duolingo ndili nayo, imaphunzitsa kudzera m'Chipwitikizi cha ku Brazil, imathandiza kusunga mawu m'mutu ukakhala pa shapa, koma imadya mamega ndipo siingakukalipire ukajomba. Ine ndimaziphatikiza, foni masana a titcha madzulo, ndipo dalaivala aliyense waku Zambia akalowa mu shopu ndimamupempha tiyankhule Chingerezi ngakhale iye akufuna Chinyanja, ena amaseka ena amandithandiza.

Pa mavalori (mamalikisi) 20 monga timachitira kusukulu kuno ndikuwapatsa 12, akhoza koma mopulumukira, ndipo pa 12 amenewo ambiri ndi a bambo aja. Gawo lotsatira ndalembetsa kale koma ndawauza a ku sekeletariya maso ndi maso kuti akandichotsa mukalasi ya a titcha andibwezere ndalama yanga. Amene mumagwira mashifiti kapena muli ku Moatize ndi ku Chingodzi, pali kalasi ya Loweruka m'mawa, maola ake ndi ataliko koma ndi kamodzi pa sabata ndipo mumaweruka dzuwa likadalipo mashapa akuyenda, kungoti funsani kaye kuti Loweruka amaphunzitsa ndani mwa awiri aja.