Nightstop: Zimene Taona Pogoneka Achinyamata Osowa Pokhala M'nyumba Mwathu

Mwana wathu wamkazi atapita ku yunivesite, chipinda chake chinakhala miyezi yambiri chopanda wogonamo, mpaka tinayamba kuunjikamo masutikesi ndi makatoni a katundu wodikira kutumizidwa kumudzi. Nthawi imeneyo ndi pamene mayi wina wa kutchalitchi kwathu, kuno kumpoto kwa England, anatifotokozera za Nightstop, ntchito imene mabanja amadzipereka kulandira m'nyumba zawo achinyamata amene alibe pogona usiku umenewo. Tsopano patha zaka ziwiri ine ndi amuna anga tikulandira alendo oterewa, ndipo ndaona kuti n'koyenera kufotokozera abale athu okhala ku Britain mmene ntchitoyi imayendera komanso pamene mphamvu zake zimathera.

Nightstop inayamba mumzinda wa Leeds mu 1987, pamene anthu a mipingo anaona kuti wachinyamata amene wathamangitsidwa kwawo madzulo sangadikire kuti maofesi atsegulidwe m'mawa. Masiku ano amene amaiyang'anira ndi a bungwe la Depaul UK, lomwe linakhazikitsidwa mu 1989 molimbikitsidwa ndi Kadinala Basil Hume. M'madera ena bungweli limayendetsa ntchitoyi lokha, pomwe kwina limavomereza mabungwe a m'deralo kuti aigwire motsatira malamulo ake. Olandiridwa nthawi zambiri ndi a zaka 16 mpaka 25, ndipo wolandira alendo safunsidwa kuti amapemphera kuti. Ambiri mwa achinyamatawa si amene mumawaona atagona m'makhonde a masitolo ayi. Ndi ana amene agona pa sofa kwa mnzawo uyu dzulo, kwa azakhali dzana, mpaka onse atopa nawo, ndipo gwero la vuto nthawi zambiri ndi kusamvana m'banja: bambo womupeza sakumufuna, nyumba yachepa, mtsikana watenga pathupi, kapena mwana amene analeredwa ndi boma wafika msinkhu woti adziimire payekha alibe pogwira.

Kulowa ntchitoyi kumatenga masabata angapo, ndipo ine ndimayamikira kuti sapupuluma. Tinalemba fomu, tinapereka mayina a anthu otidziwa bwino oti atiikire umboni, kenako ogwira ntchito anabwera kudzaona nyumba, kuphatikizapo chipinda, bafa ndi kachipangizo kochenjeza za utsi. Tonse awiri anatifufuza mbiri kudzera ku Disclosure and Barring Service, ofesi ya boma imene imaona ngati munthu ali ndi mlandu womuletsa kukhala pafupi ndi ana kapena anthu ofunika chitetezo. Pamaphunziro anatitsindikizira malire: osapatsa mlendo ndalama, osapatsana naye nambala ya foni kapena kukhala naye pa ubwenzi pa Facebook, osalonjeza zimene sitingakwanitse, ndipo akatiululira chinthu choika moyo wake pachiswe, tisamusungire chinsinsi koma tidziwitse ogwira ntchito. Poyamba malamulowa ndinawaona ngati ouma mtima, koma lero ndikudziwa kuti ndi amene amatheketsa kuti banja wamba litsegule chitseko popanda mantha.

Kayendetsedwe kake n'kosavuta. Timawauziratu ogwira ntchito ku Nightstop masiku amene tingathe kulandira munthu, ndipo tsiku likafika foni imalira masana kapena chakumadzulo. Amatiuza dzina loyamba, zaka, chakudya chimene sadya ndi zina zofunika kudziwa, chifukwa iwo amakhala atayamba kale acheza naye n'kuona ngati angagone bwino m'nyumba ya anthu. Tili ndi ufulu wokana, ndipo tsiku limene amuna anga anadwala tinakanadi popanda wina kutikwinyira nkhope. Mlendo amabwera pa basi kapena amaperekezedwa ndi wodzipereka wina amene ali ndi galimoto. Ife udindo wathu ndi chipinda chakechake, madzi osamba, chakudya chamadzulo, mwayi wochapa zovala, kadzutsa ndi kamba wa masana. Usiku wonse pamakhala nambala yoimba pakachitika vuto, ndipo amatibwezera kandalama kochepa ka zimene tawononga. M'mawa mlendo amanyamuka kupita ku koleji, kuntchito kapena kukakumana ndi amene akumufunira malo okhalitsa.

Chimene chinandivuta kwambiri si ntchito yoyala bedi kapena kuphika, koma kutseka pakamwa. Kwathu mlendo akafika timamupatsa mpando, timamulonjera, kenako timafunsa kuti kwawo n'kuti, ndi mwana wa yani, ndipo chamuyendetsa n'chiyani. Akakhala kuti wayambana ndi makolo, m'mawa mwake malume amakhala atatumiziridwa kale uthenga kuti anthu akhale pansi. Mlendo wathu woyamba anali mnyamata wa zaka 17, amene anakhala pampando chikwama chili pamiyendo, osavula ngakhale jekete, maso ali pansi. Mafunso onse a kwathu aja anandifika pakhosi, ndipo mtima wa umayi unkandiuza kuti ndipemphe nambala ya mayi ake. Ndinakumbukira zimene tinaphunzira, kuti tsiku limenelo mwanayo amakhala atafotokoza kale mavuto ake kwa anthu atatu kapena anayi a m'maofesi, ndipo kwa ife akufuna malo amene sadzafunsidwanso. Ndinangomuonetsa tawulo, mswachi watsopano ndi nambala yolowera pa intaneti, n'kumuuza kuti chakudya chikapsa ndimuitana. Anagona maola pafupifupi 11. M'mawa, akumwa tiyi, anayamba yekha kunena kuti kwa masabata atatu sanagonepo m'chipinda chimene akanatha kutseka chitseko.

Pa chakudya ndinaphunziranso kufunsa. Usiku woyamba uja ndinaphika nsima ndi nkhuku, monga timachitira ndi mlendo wolemekezeka, koma mnyamatayo anangotsina pang'ono chifukwa sanadziwe kadyedwe kake, ndipo manyazi anamuletsa kunena. Tsopano ndimatchula zakudya ziwiri kapena zitatu kuti asankhe, ndipo ambiri amasankha mpunga kapena pasta. Komabe mtsikana wina amene makolo ake anachokera ku Ghana atamva fungo la nsima pamoto analowa m'khitchini, anasamba m'manja n'kudya nafe monga wa m'banjamo, ndipo usiku umenewo tinacheza mpaka 11 koloko za zakudya za agogo ake.

Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, ndipo pa ntchito iyi mawuwa ndi oona mopweteka. Mwana amene wagona m'chipinda cha mwana wako akatuluka pachipata, nthawi zambiri sumvanso za iye, chifukwa nkhani zake ndi zachinsinsi. Ndimavomereza kuti ndi mmene ziyenera kukhalira, koma amene akufuna kulowa ntchitoyi adziwiretu kuti mtima umatsala ukufunsa. Ena timawalandira usiku umodzi wokha, ena amabweranso masiku angapo, ndipo pali ena amene amasinthasintha nyumba za olandira alendo sabata yonse chifukwa malo okhalitsa sanapezeke.

Apa ndi pamene mphamvu ya Nightstop imathera, ndipo vutoli ndi lalikulu kuposa bungwe limodzi. Lamulo la Homelessness Reduction Act la mu 2017 limalamula makhonsolo a ku England kuthandiza munthu amene angasowe pokhala m'masiku 56 akubwerawo, ndipo a zaka 16 ndi 17 amatetezedwanso ndi lamulo la ana la Children Act la mu 1989. Koma lamulo silimanga nyumba. Lendi ndi yokwera, ndipo munthu wosakwatira wosakwana zaka 35 nthawi zambiri boma limangomuthandiza ndi ndalama yokwanira chipinda chimodzi m'nyumba yokhalamo anthu ambiri, zipinda zomwenso n'zosowa. Chinanso n'chakuti achinyamata amene ali ndi vuto lalikulu la mankhwala osokoneza bongo kapena mbiri ya ndewu kawirikawiri satumizidwa m'nyumba za anthu. Zimenezi zimatiteteza ife, koma zikutanthauza kuti ena mwa ovutikitsitsa ntchitoyi siwafikira. Ndiponso si dera lililonse la Britain limene lili ndi Nightstop, choncho ndi bwino kuyamba mwaona pa tsamba lawo la pa intaneti ngati ilipo kufupi nanu.

Kwa banja limene lili ndi chipinda chosagonamo munthu, ine ndikulimbikitsa ntchitoyi ndi mtima wonse, malinga ngati onse a m'nyumbamo agwirizana, kuphatikizapo ana. Amene mukuchita lendi muyambe mwapempha chilolezo kwa eni nyumba, ndipo a inshulansi ya nyumba adziwitsidwenso. Amene akufuna kulera mwana kwa miyezi ndithu ndi kumuona akukula, afunse ku khonsolo za njira zina zimene wachinyamata amakhala ndi banja nthawi yaitali, chifukwa Nightstop si yotero. Ife tinasankha Lachiwiri ndi Lachinayi, masiku amene amuna anga sagwira ntchito ya usiku. Makatoni aja tinawasamutsira m'galaja, ndipo m'kabati ya m'chipindamo mumakhala matawulo awiri ochapa, miswachi yosatsegula ndi chingwe chotchajira foni, chifukwa pafupifupi mlendo aliyense amafika foni yake itazima.