Zidindo za makhadi zomwe ndinakapangitsa mu Limbe, ndikuuzeni mmene zinayendera

Anzanga amene mwakhala mukundifunsa za makhadi aja ndinagulitsa pa tsiku la anakubala pa 15 Okutobala, kuti mawu a Chichewa aja ndinawalemba bwanji mokongola choncho, lero ndiyankhe onse pakamodzi chifukwa kuyankha mmodzimmodzi bandulo ikungothera pomwepo. Si pamanja ayi, dzanja langa ngakhale aphunzitsi anga a Sitandade 4 analitaya kalekale, ndipo si makina osindikizira. Ndi zidindo. Ndinakapangitsa kwa bambo ena ake mu Limbe momuno amene ntchito yawo ndi kupanga zidindo za m'maofesi, aja amapangira masukulu, mafumu ndi timakampani. Kashopu kake n'kopanikizika, kauntala imodzi, kompyuta yakale ndi kamakina kojoba labala kuseri, fungo la labala wopserera limakulandira usanalowe n'komwe.

Chiyambi chake ndi achemwali anga amene ali ku Leeds ku Mangalande. Ananditumizira katundu woyambira, zidindo zoonekera mkati zija umamata pa kagalasi kapulasitiki, maluwa, timitima, tinyenyezi, ndi mawu. Koma mawu onse achizungu, Happy Birthday, Thank You, With Love. Zabwinobwino ndithu koma ndikaganiza za mayi anga ku Thyolo kuwapatsa khadi yolembedwa With Love, angoyiyang'ana n'kuyiika m'Baibulo basi, pomwe ukalemba kuti Ndimakunyadirani mayi mpaka amakaonetsa anzawo a kumvano. Ndiye ndinati bwanji osapangitsa zangazanga.

Ndinaoda zisanu: Zikomo kwambiri, Mafuno abwino, Ndimakunyadirani mayi, Ukwati wabwino, ndi china cha Mulembe bwino mayeso, poti mukudziwa nyengo ya mayeso a Sitandade 8 ndi a Fomu 4 makhadi ofunira mwana zabwino amayenda kuposa a china chilichonse, mwana wosalandira khadi amakhala ngati alibe abale.

Choyamba chimene tinalimbana nacho ndi mtundu wa chidindo. Bambowa anazolowera zija zodzithira zokha inki, zangati za kampani ya Trodat, ukangokanikiza chatembenuka chadinda, ndipo anayesetsa kundinyengerera kuti mayi tengani izi ndi zamakono. Musalole. Chidindo chotere chimabwera ndi inki yakeyake mkati, kawirikawiri yabuluu kapena yapepo ija ya pa risiti, ndiye khadi yanu ioneka ngati kalata yochokera kwa a DC. Uzani kuti mukufuna labala womata pa kathabwa kokhala ndi chogwirira, kuti inki muzisankha nokha, lero yakuda mawa yofiira. N'chotchipanso kuposa chodzithira chija. Anandiyang'ana ngati ndabwerera m'mbuyo zaka makumi awiri koma anavomera.

Ananena kuti mawa masana zikhala zatheka, ndipo apa ndiwayamikire, mawa lake zinalidi zitatheka, zomwe kwa amisiri athu mukudziwa si za masiku onse. Vuto linali nditayesa kudinda pakapepala pomwepo pa kauntala. Zikomo kwambili. Ndi l. Ine ndinalemba bwinobwino ndi r papepala lomwe ndinawasiyira koma mnyamata wa pa kompyuta anataipa mmene iye amayankhulira. Ndikuti achimwene apa mwalakwitsa, iye akuti mayi n'chimodzimodzi aliyense awerenga, ndipo mwina akunena zoona kuti theka la anthu sangaone, koma khadi yogulitsa ikafika m'manja mwa mphunzitsi wa Chichewa ndiye ndatha ine. Bambo aja atatuluka kuseri sanachite makani, anangoti tikonzanso osalipira, kungoti ndinadikiranso masiku awiri ndi thiransipoti yanga. Choncho musachoke musanaone pa sikirini mawu anu asanawajobe, muwerenge lemba ndi lemba, chifukwa pa labalapo mawu amakhala chagada ngati pagalasi ndipo diso silingagwire cholakwa.

Cholakwa china chinali changa. Chidindo cha Ukwati wabwino ndinasankha malembo opendekera opyapyala aja okhala ndi michira, ati zioneke zachikondi. Pa kompyuta zinali bho. Papepala timabowo ta a ndi o timadzadza inki, umangoona timadontho takuda, ukakanikiza pang'ono ndiye michira ija siituluka. Zina zinayi zomwe ndinasankha malembo onenepa oimirira zimatuluka bwino nthawi iliyonse ngakhale ndidinde ndili ndi tulo. Bambowa anandichenjeza pang'ono koma mwaulemu kwambiri mpaka sindinamve kuti akundiletsa.

Labala wake ndi wabwino, wofewa koma wosanyenyeka, ndadinda makhadi ambirimbiri palibe lemba lomwe lathothoka. Kungoti m'mbali samadula moyandikira mawu, amasiya labala wambiri, ndiye ukapendeketsa dzanja pang'ono kona imagunda pepala n'kusiya kamzere. Ndinatenga lezala n'kusenga m'mbali monse, vuto linatha. Chomwe sichingathe ndi choti pa kathabwa suona pomwe ukudinda, kusiyana ndi zoonekera mkati za achemwali zija, ndiye ndimayamba ndalemba kamzere ka pensulo ndi rula kenako n'kufufuta inki ikauma.

Tsopano inki, ndipo apa ndikhalitsepo chifukwa ndi pomwe ambiri mudzanamizire chidindo chosalakwa. Tsiku loyamba ndinayesa ndi padi ya inki ya mu ofesi yomwe ndinagula m'shopu ya mabuku, mawu anatuluka otuwa, m'mbali mwa malembo mukuyenderera ngati pepala lanyowa, ndipo nditagwira ndi chala cha thukuta zonse zinafalikira. Ndinatsala pang'ono kubwerera ku Limbe kukakalipa. Kenako ndinatsegula mapadi omwe anali mu katundu wa achemwali, VersaFine yakuda yotchedwa Onyx Black, ya kampani ya ku Japan ya Tsukineko, chidindo chomwechomwecho pepala lomwelo, abale inu, ngati zochokera ku fakitale. Inki imeneyi ndi yamafuta, imagwira ngakhale timizere ting'onoting'ono, ndipo ikauma madzi sayisungunula ndiye utha kupaka utoto wamadzi pamwamba pa duwa lomwe wadinda osaononga. Imafuna kuipatsa kanthawi kuti iume, makamaka kukachita chinyezi, osathamangira kupinda khadi. Inanso ndi Memento ya Tuxedo Black, kampani yomweyo, iyi imauma msanga ndipo ndi imene imagwirizana ndi mamaka a spiriti aja ngati a Copic. Ine mamaka amenewo ndilibe, ndi odula, ndiye Memento ndimangodindira mawu ndikakhala pa changu. Ndipo pa padi sumenyetsa chidindo ngati kalaliki wa pa positi ofesi, umagogoda pang'onopang'ono katatu kanayi, kuika papepala, kukanikiza osagwedeza, kunyamula molunjika.

Za golide zija munaziona pa makhadi aukwati ndi nkhani ina. Umadinda ndi VersaMark, inki yopanda mtundu yomata ngati uchi, kuwaza ufa wagolide, kukutumula wotsala, kenako kuotcha ndi kamakina kotulutsa mpweya wotentha mpaka ufa usungunuke n'kutukuka. Tsiku lina magetsi anazima ndili ndi makhadi khumi owaza kale ufa, mwini ukwati akubwera madzulo, ndiye nzeru zandipeza ndikuti ndiyanike pamwamba pa mbaula. Yoyamba inatheka ndithu, ndinaona golide akuyenda kuchokera ku U mpaka ku o ngati matsenga, mtima unagunda. Yachiwiri ndinatsitsa dzanja kwambiri poyankha mwana, pakati panachita bii kenako kabowo, nyumba yonse fungo la pepala. Zotsalazo ndinamaliza pansi pa simbi yamakala nditaitembenuza, kuigwira patali, zinatenga nthawi koma sizinapse.

Pepala musaumire. La 80 gsm (gsm ndi muyeso wa kulemera kwa pepala) lomwe timafotokopera silingaime, khadi imagwa ngati masamba ofota. Funani la 250 kapena 300 gsm losawala, chifukwa lonyezimira lija inki imangokhala pamwamba osauma. A4 mmodzi ukamudula pakati n'kupinda chidutswa chilichonse umapeza makhadi awiri a 105 ndi 148 mm, omwe amalowa bwinobwino mu envulopu ya C6. Popinda yambani mwakanda mzere ndi bolopeni yotha inki, apo ayi msana wa khadi umang'aluka.

Mapepala amaluwamaluwa omwe anabwera ndi katundu uja, kabuku ka mainchesi 6 mbali zonse, ndi okongola koma anatha msanga ndipo ena anali a chipale ndi timbalame ta Khirisimasi ya kwawoko, sindikudziwa ndingamupatse ndani mu Okutobala kukutentha chonchi. Panopa ndimapita kwa atelala a pafupi ndi kwathu kukatola tizidutswa ta zitenje tomwe amataya, kusita, kudula, kumata ndi guluu woyera wa matabwa wopaka mopyapyala kwambiri, ukachulutsa amabowoleza nsalu ndipo khadi imapindika. Kachitenje mmwamba, mawu a Chichewa mmunsi pa pepala loyera, amenewa ndi amene anayamba kutha pa tebulo langa, mayi wina anatenga anayi n'kufunsa ngati ndili ndi ena a chitenje chofanana ndi chomwe anavala.

Ngati mukungofuna khadi imodzi ya bwenzi lanu musavutike, kagule yopangapanga. Koma amene mukufuna kumapanga ambiri, bambo a zidindo aja ndikupatsani mosakayika, ntchito amaidziwa, nthawi amasunga, akalakwitsa amavomera, kungoti za makhadi sanazizolowere ndiye muziwauza chilichonse mwatchutchutchu. Sabata yamawa ndikukasiya oda ya Khirisimasi ndi chaka chatsopano, ndawonjezera china cha Zikomo kwambiri chachikulupo, ndalemba kale papepala ndi malembo akuluakulu ndipo r uja ndamuzunguliza ndi bolopeni yofiira.