Kutenga A2 kapena kudikira mpaka mutakwanitsa zaka 24: njira ziwiri za laisensi ya njinga yamoto ku Britain

Ku Britain kukhoza mayeso sikupatsa munthu ufulu wokwera njinga yamoto iliyonse imene mtima wake wafuna. Kuyambira pa 19 January 2013, malaisensi amatengera zaka za munthu ndiponso mphamvu ya injini. Wachinyamata amene akulota njinga yaikulu ali ndi njira ziwiri: kutenga laisensi ya A2, ya njinga za mphamvu yapakatikati, akakwanitsa zaka 19, kapena kupirira mpaka zaka 24 n'kukayesedwa kamodzi kokha kuti apeze laisensi ya A, yopanda malire.

Onse amayambira pamodzi, pa maphunziro oyambirira okakamizidwa ndi lamulo otchedwa CBT, omwe kawirikawiri amatha tsiku limodzi. Chiphaso chake chimagwira ntchito zaka ziwiri zokha, ndipo chimakulolani kukwera njinga yosaposa 125cc (kukula kwa injini) ndi 11 kW (mphamvu yake), mutamata zikwangwani za L zosonyeza kuti ndinu wophunzira, osanyamula munthu kumbuyo, osalowa mu motorway, msewu waukulu wa magalimoto othamanga. Ilipo laisensi ya A1 ya azaka 17, imene imachotsa ziletso zimenezi koma imakusiyani pa 125cc pomwepo.

Wosankha kudikira amanena kuti akupulumutsa ndalama, ndipo pamenepa akunena zoona pang'ono. Mayeso a pamsewu alipo awiri, Module 1 ndi Module 2, ndipo iye amawalipira kamodzi. Wodzera pa A2 amawakumananso kachiwiri akafuna kukwezedwa patapita zaka ziwiri, ngakhale kuti mayeso olemba sabwereza. Koma wodikirayo, ngati akukwerabe njinga zaka zonsezo, ayenera kubwereza CBT zaka ziwiri zilizonse. Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti amakhala zaka zambiri pamsewu popanda woyesa aliyense kumuona mmene amagwirira mabuleki galimoto ikatulukira mwadzidzidzi. Zizolowezi zoipa zimamera mizu, ndipo kuzizula pambuyo pake kumavuta kuposa kuphunzira bwino poyamba.

Module 1 ndiyo imaulula zonsezi. Imachitikira pabwalo lotchingidwa: kukankha njinga ndi manja, kuzungulira timakoni, kulemba nambala 8, kutembenuka osaponda pansi, kenako kuima mwadzidzidzi ndi kuzemba chopinga muli pa liwiro losachepera makilomita 50 pa ola. Module 2 ndi ya mumsewu weniweni, woyesa akukutsatirani kumbuyo n'kumakulankhulani pa wailesi. Amene wadutsa zimenezi ali ndi zaka 19 amakwera mosiyana ndi mnzake wa CBT yokha, ndipo amafika pa laisensi ya A ali ndi zaka 21, zaka zitatu mnzakeyo asanaloledwe n'komwe.

Nanga malire a A2 ndi opana motani? Lamulo limati injini isapose 35 kW, omwe ndi mahosipawa pafupifupi 47, ndipo mphamvuyo isapose 0.2 kW pa kilogalamu iliyonse ya njinga. Ena akamva zimenezi amanyogodola ngati apatsidwa choseweretsa. Ine sindigwirizana nawo. Njinga ya 35 kW imayenda bwinobwino mu motorway, imanyamula anthu awiri, ndipo imapitirira magalimoto popanda kulira. Mphamvu yake imaposa katatu ya 125cc ija.

Apa palinso kusankha kwina kumene ambiri amakangana. Mungagule njinga imene inapangidwira malire amenewa, monga Honda CB500F, kapena yaikulu yochepetsedwa mphamvu, monga Yamaha MT-07. Kuchepetsako amachita potsekereza throttle, chowonjezerera moto, kuti isatseguke yonse, kapena posintha kompyuta ya injini. Koma chenjerani: njingayo isakhale yoti poyamba inali ndi mphamvu yoposa 70 kW, ndiye kuti kuwirikiza kawiri malirewo. Ikaposa pamenepo, ngakhale makaniko aichepetse bwanji, simuloledwa kuikwera pa A2. Ubwino wa yochepetsedwa ndi woti mukakwezedwa mumangochotsa chotsekerezacho, osagula ina. Kuipa kwake, mumanyamula thupi la njinga yaikulu ndi mtengo wake koma mphamvu yake ili yomangidwa. Ndipo amene amachotsa chotsekerezacho mobisa nthawi isanakwane akukwera njinga imene laisensi yake siilola, zomwe zingamuike m'madzi ndi apolisi komanso ndi kampani ya inshuwalansi tsiku la ngozi. Kwa woyamba kumene, ine ndingasankhe yopangidwira 35 kW, chifukwa zonse za pa iyo zinalinganizidwa ndi mphamvu imeneyo.

Amene mwadutsa kale zaka 24 nkhani yanu ndi ina. Palibe chifukwa chodzera pa A2. Kayesedweni pa njinga ya 595cc kapena kuposa monga lamulo likufunira, mutenge A. Chokhacho ndikupempheni, laisensiyo ingabwere m'masiku owerengeka koma manja anu adzakhala akadali achilendo. Njinga yanu yoyamba ikhale ya mphamvu yofanana ndi ija ya A2, muyende nayo mvula ndi chisanu chaka chathunthu, kenako muone ngati yaikulu ija mukuifunabe.