Masabata awiri ndikuphunzira kuyendera mabogi a chimanga ku Johannesburg

Ndimagwira ntchito pa chigayo china chachikulu chakum'mawa kwa Johannesburg, ndipo chino ndi chaka changa chachisanu ndi chimodzi. Chimanga chambiri masiku ano chimabwera pa mathiraki, koma kuseri kwa nkhokwe zathu kuli kanjanji kathukathu komwe amakatcha siding. Kumeneko ndi komwe mabogi ochokera ku Free State amatsitsira katundu. Mkulu amene ankalandira mabogiwo atapuma ntchito, akapitawo anandiitana n'kundiuza kuti ndikaphunzire ntchitoyo. Ananditumiza pa kasukulu kena komwe si ka boma, kufupi ndi City Deep. Abale angapo a kwathu omwe timakhala nawo ku Rosettenville akhala akundifunsa ngati maphunzirowa ndi oyenera kutayirapo ndalama, ndiye ndati ndiyankhe onse pamodzi. Dzina la sukuluyo sinditchula, chifukwa ndili nawonso madandaulo.

Ine kwathu ndi ku Balaka, kufupi ndi Nkaya. Sitima ndinakula ndikuziona, ndipo nditapita kukacheza kumudzi ndinaonanso zija zazitali zonyamula malasha kuchokera ku Moatize kupita ku Nacala, zodutsa pa Liwonde ndi Nayuchi. Ndinkadziona ngati wodziwako. Tsiku loyamba lomwe ndinapeza kuti ngakhale dzina tinalisokoneza. Ife kwathu chingolo chonse timachitcha bogi. Kuno bogie ndi kachitsulo kapansi kokha komwe kamagwira mateyala anayi, ndipo chingolo chilichonse chimakhala ndi tiwiri. Aphunzitsi atati tikayang'ane bogie, ine ndinakwera makwerero kupita pamwamba, anzanga akugwada pansi.

Pa kukwera kumeneko ndi pomwe ndinaonera kuti aphunzitsi athu ndi munthu wodziwa ntchito. Ndi bambo wachikulire, wa imvi mbuu, amene anagwira ntchito za njanji moyo wake wonse, ku Germiston kenako ku Sentrarand. Sanaseke. Ananditsitsa, n'kutiimika tonse khumi ndi awiri, n'kuloza m'mwamba. Pa njanji yophunzirirapo panalibe mawaya, koma anati tiziyang'ana kumwamba nthawi zonse phazi lisanaponde kwerero loyamba, chifukwa mawaya a njanji za kuno ku Gauteng amanyamula magetsi a mavoti 3,000, ndipo a njanji ya miyala ya chitsulo yopita ku doko la Saldanha ndi 50,000. Munthu safunika kuchita kukhudza waya wa mphamvu chotero kuti magetsi amugwire, kungoyandikira kwambiri basi. Kuyambira tsiku limenelo aliyense wokwera osayang'ana kumwamba ankabwezedwa pansi kuti akayambirenso, ngakhale pa tsiku la mayeso.

Chomwe ndingalipirenso ndalama kachiwiri ndi sabata yoyamba, yomwe tinathera panja pa mabogi enieni a chimanga. Bogi la chimanga lili ngati nkhokwe yoyenda: pamwamba pali zivundikiro zothirira, pansi pali zitseko zotsitsira. Limanyamula matani oposa 40, kutanthauza matumba a makilogalamu 50 opitirira 800. Mlimi wa kwathu aganizire yekha kuti ndi minda ingati imeneyo. Tsono chimanga chonsecho chitha kuonongeka chifukwa cha kamphira kamodzi kothetheka pa chivundikiro.

Anationetsa motere. Atatsimikiza kuti bogi ndi lopanda kanthu, lapitidwa mphepo mokwanira, buleki ya pamanja yamangidwa ndipo mateyala atsekeredwa ndi chipika, anatilowetsa awiriawiri m'kati, wina n'kutseka zivundikiro kunja. Munali mdima wa ndiweyani. Maso atazolowera, ndinaona kakuwala kang'onong'ono ngati ka singano pa ngodya, kenako kena m'mbali mwa chivundikiro chachiwiri. Mawu a aphunzitsi anamveka kuchokera panja kuti pomwe palowa dzuwa, mvulanso ilowa pomwepo. Atatsekula anatiuza kuti tipalase ndi chala pansi pa kabowoko. Panali chimanga chakale chomatirira ku chitsulo, chakuda ndi chuku, njere zina zitamera tizimizu toyera, anankafumbwe ali yakaliyakali. Fungo lake ndi lija la nkhokwe yodontha ya kumudzi mwezi wa February. Ndinakumbukira mayi anga akusankha chimanga chowola pa lichero, ndipo ndinamva chisoni kuti zaka zisanu ndakhala ndikuona mabogi akulowa pa chigayo pathu osaganizako zoti ufa umene anthu akudya umayambira m'ngodya ngati imeneyi.

Anatichenjezanso kwambiri za mankhwala a phosphine, aja a mapiritsi oteteza chimanga omwe kwathunso apha anthu ambiri. Bogi lomwe lathiridwa mankhwalawa sulowamo, ndipo chivundikiro chake sutsekula nkhope ili pompo. Pa nkhani iyi sanafulumire ngakhale pang'ono.

Za pansi pa bogi tinaphunzira kuyenda mbali imodzi n'kubwerera mbali inayo, maso ali pa mabuleki ngati atha, pa mapaipi ngati ang'ambika, pa masipuling'i, ndi pa coupler yolumikizira bogi ndi linzake. Kuno kukadali mabogi a mabuleki a mitundu iwiri, akale a vacuum, oyamwa mpweya, ndi a mpweya wopopa, ndipo uyenera kuwazindikira usanalumikize chilichonse. Lamulo lomwe analibwereza mpaka kutopetsa ndi loti pakati pa mabogi awiri sulowapo ngati woyendetsa injini sanakuone ndi kukuyankha. Mnzanga wina wa ku Mangochi, amene tinadziwana konko, anafulumira kulowa kuti akonze paipi. Ndinamukoka malaya ndikuti, "Achimwene, dikirani kaye, sanakuoneni." Aphunzitsi anaimitsa zonse n'kutiyambitsanso.

Tsopano madandaulo. Pa kapepala kawo koitanira anthu analemba kuti maphunzirowa akukhudza mabogi a chimanga ndi a m'migodi omwe. Za m'migodizo tinangoziona pa zithunzi m'kalasi, masiku awiri okha, pa kompyuta yomwe inkazimazima. Nkhani yake ndi yokoma ndithu. Njanji ya Sishen kupita ku Saldanha ndi ya makilomita 861, inatsegulidwa mu 1976, ndipo sitima imodzi imakoka mabogi 342, lililonse litanyamula matani 100 a miyala ya chitsulo. Ya malasha yochokera ku Mpumalanga kupita ku Richards Bay imakoka mabogi 200, ndipo akafika ku doko samasulidwa. Makina otchedwa tippler amagwira bogi n'kulitembenuza chadodolido, malasha n'kukhuthuka, chifukwa coupler yake inapangidwa yotha kuzungulira. Anatifotokozeranso za bogie ya Herbert Scheffel, injiniya wa njanji za dziko lino, yomwe mateyala ake amatsatira okha njanji pokhota, motero sadyeka msanga. Zonsezi zimayenda pa njanji yopapatiza ya mamilimita 1,067, yofanana ndendende ndi ya kwathu ku Limbe. Izi zinandisangalatsa. Koma kumva ndi kugwira ndi zinthu ziwiri. Ine lero mutandiimika pa bogi la malasha, sindinganene kuti ndaphunzira kuliyendera. Amene cholinga chake ndi ntchito ya ku mgodi ku eMalahleni kapena ku Kathu, maphunziro awa samukwanira, ndipo sukuluyo inayenera kunena zimenezi poyera isanalandire ndalama za anthu.

China ndi chiyankhulo. Mabuku ali m'Chingerezi chovuta, ndipo aphunzitsi akatenthedwa ndi nkhani ankalowa m'Chizulu kapena Chiafirikansi. Ine Chizulu ndimachimva, koma mnzanga wa ku Mangochi uja anabwera chaka chatha chomwechi, ndiye madzulo aliwonse tinkakhala pa siteji ya minibasi ndikumubwerezera m'Chichewa. Anakhoza, koma movutikira zosafunika.

Chondiwawa kwambiri ndi satifiketi. Anati itenga masabata atatu. Inatenga miyezi iwiri ndi theka, ndipo mayi wa mu ofesi ankangoti mawa, mawa. Nthawi yonseyo malipiro anga sanakwere, chifukwa akapitawo ankafuna pepala m'manja. Musanalipire, funsani ngati sukuluyo ndi yovomerezedwa ndi TETA, bungwe loona za maphunziro a ntchito za mtengatenga, ndipo akuonetseni umboni wake. Funsaninso tsiku lenileni la satifiketi, alembe.

Kwa amene muli kale pa ntchito pa chigayo, pa nkhokwe kapena pa fakitale yokhala ndi siding, pitani, makamaka ngati abwana akulipirirani. Kwa amene mulibe ntchito ndipo mapepala anu okhalira m'dziko muno sali bwino, sungani ndalama zanu. Pa geti ya malo a njanji amayamba afunsa mapepala, satifiketi pambuyo. Mabogi a chimanganso sabwera kawirikawiri ngati kale, kuba kwa mawaya ndi kuchepa kwa mainjini kwabweza ntchitoyi m'mbuyo, ndipo pathu pamatha masabata njanji ili duu.

Mwezi wathawu kunabwera mabogi asanu ndi atatu. Pa lachisanu ndinapeza mphira wa chivundikiro utang'ambika kutalika ngati chikhatho, ndipo kunali kutagwa mvula usiku. Ndinauza akapitawo kuti limenelo lisatsitsidwe pamodzi ndi enawo mpaka a ku labu atatengako chimanga chapamwamba. Ananyinyirika chifukwa cha nthawi, koma analola. Chapamwambacho chinapezeka chonyowa, ndipo tinachipatula chisanalowe m'nkhokwe yaikulu.