Ndemanga yanga pa timiyala ta calcium phosphate tomwe anandiika m'fupa

Ndinagwa pa njinga yamoto ya kabaza pobwerera kwathu ku Area 25, ndipo fupa la mwendo linaphwanyika pansi pa bondo penipeni n'kulowa m'kati. Adokotala a mafupa anandiuza kuti akalikweza patsala mphako, ndipo njira zoitsekera ndi ziwiri: kusema fupa langa lomwe la m'chiuno, kapena kuthiramo timiyala topangidwa ku fakitale, ta beta-tricalcium phosphate tosakaniza ndi hydroxyapatite, yomwe ndi mitundu iwiri ya calcium phosphate. Ndinasankha timiyalato. Tsopano patha miyezi 10.

Anandionetsa paketi yake tisanalowe ku thiyeta. Ndi toyera ngati misere ya chimanga, topepuka, todzaza timabowo ngati chinkhupule. Mantha anga anali oti thupi likana, koma anandifotokozera kuti chomwe chimalimbitsa fupa la munthu ndi calcium phosphate yemweyu. Magazi amalowa m'timabowomo, fupa latsopano limamera motsatira, timiyalato n'kumasungunuka pang'onopang'ono. Tricalcium phosphate amatha msanga, hydroxyapatite amakhalitsa. Izi ndinadzionera ndekha pa X-ray: ya mwezi woyamba timiyala tinkaoneka mbuu, kamodzikamodzi, koma ya mwezi watha malire ake ndi fupa sakudziwikanso bwino.

Chomwe ndikuyamikira koposa n'chakuti ndinapewa bala lachiwiri. Bambo wina amene tinkakumana ku fizio anamusema m'chiuno, ndipo ankadandaula chiunocho kuposa mwendo umene unathyoka.

Dandaulo lilipo. Chipatala chomwe ndinapita chinalibe timiyalato, anachita kuitanitsa kunja, ine ndikudikira pabedi, ndipo mtengo wake unatipweteka pabanja mpaka achimwene kuthandizapo. Chachiwiri, ponditulutsa sanatsindike kuti izi si simenti. Timiyalati timaphwanyika ngati phale, sitinganyamule thupi la munthu. Chogwira mwendo ndi chitsulo ndi masikuluwu, mpaka fupa litamera. Ine sabata yachitatu ndinapondetsa mwendo kubafa, bondo linatupa usiku wonse, ndinalira poganiza kuti zonse zawonongeka. Mwamwayi palibe chinasuntha, ndipo kuchokera tsiku limenelo ndinakhala pa ndodo miyezi 3 yathunthu.

Ndikupereka nyenyezi 4 mwa 5. Panopa ndimayenda ndekha mpaka kumsika wa Nsungwi popanda ndodo, ngakhale bondo limawawabe pang'ono m'mawa kukazizira.