FiiO K5 Pro pa masewera a pakompyuta: nkhani yagona pa gain

Ndagwiritsa ntchito FiiO K5 Pro kwa nthawi yokwanira kuti ndinenepo maganizo anga, makamaka kwa anthu amene akufuna ampulifaya ya mahedifoni yoti azisewerera magemu owomberana monga Counter-Strike 2, momwe kumva mgugu wa mdani kuseri kwa khoma kumasiyanitsa wopambana ndi wogonja. Kachipangizoka kamapangidwa ndi kampani ya FiiO ya ku Guangzhou m'dziko la China, ndipo kanatuluka m'chaka cha 2019. M'kabokosi kamodzi muli zinthu ziwiri, DAC imene imasandutsa manambala ochokera m'kompyuta kukhala mawu, ndi ampulifaya imene imapatsa mawuwo mphamvu. Zoyamba kutuluka zinali ndi chipu ya AK4493, koma fakitale ya AKM, kampani yopanga chipuyo, itapsa ku Japan mu 2020, a FiiO anatulutsa mtundu wina wokhala ndi chipu ya kampani ya ESS. Kwa wosewera magemu kusiyana kumeneku si kodetsa nkhawa.

Kumbuyo kuli polowetsera USB, optical, coaxial ndi RCA. Kutsogolo kuli bowo la mahedifoni la 6.35 mm, chopotokola chachikulu cha voliyumu, ndi tiswitchi tiwiri, kena kosankhira kochokera mawu, kena ka gain. Kaswitchi ka gain kameneka ndi kamene kandichititsa kulemba, chifukwa anthu ambiri amakamva molakwika, ndipo inenso ndinayamba ndi kukamva molakwika.

Gain ili ndi masitepe atatu, a 0 dB, 6 dB ndi 10 dB (dB ndi muyeso wa kukwera kwa mawu). Sitepe ya 6 dB imachulukitsa voteji (voltage) ya magetsi opita ku mahedifoni kawiri, pamene ya 10 dB imachulukitsa katatu ndi pang'ono. Gain siikonza mawu, siiwonjezera besi, ndipo siitulutsa timawu tobisika ta m'gemu timene sitimamveka kale; chimene imachita ndi kukweza malire a pamene voliyumu ingafike. Tsiku loyamba ndinaika pa sitepe yapamwamba poganiza kuti ndikapatsa mahedifoni mphamvu zonse ndidzamva mapazi a mdani msanga. Mahedifoni anga ndi Sennheiser HD 560S a 120 ohms (muyeso wa mmene mahedifoni amakanira magetsi), osavuta kuyendetsa, kotero chopotokola chitangoloza pa 9 koloko, monga muvi wa wotchi, mawu anali atakwera kale kwambiri, ndipo kungochikhudza pang'ono ndi chala kunkandichotsa pa mawu otsika n'kundifikitsa pa mawu opweteka. Usiku umenewo bomba litaphulika pafupi ndi ine m'gemu, ndinavula mahedifoni mwadzidzidzi, ndipo pokagona m'makutu munali mukulirabe.

Nditabwerera pa sitepe yotsika, zonse zinalongosoka. Chopotokola chinayamba kukhala pakati pa 11 ndi 1 koloko, pomwe dzanja lili ndi mpata wokweza kapena kutsitsa pang'onopang'ono, ndipo mgugu wa mapazi unkamveka chimodzimodzi monga kale, kumanzere ndi kumanja, pafupi ndi patali. Njira imene ndikuiona kuti ndi yoyenera ndi yakuti voliyumu ya Windows ikhale pamwamba kapena pafupi ndi pamwamba, gain iyambire pansi, ndipo munthu azikweza ndi kutsitsa pa chopotokola chokha. Sitepe yachiwiri ndi yopitako pokhapokha chopotokola chafika cha ku 3 koloko koma mawu akuperewerabe. Nditabwereka Beyerdynamic DT 990 Pro a 250 ohms, sitepe yapakati ndi imene inandikwanira, ndipo yapamwambayo sindinaifune ngakhale pamenepo. Kwa amene amavala timahedifoni tolowetsa m'khutu, gain yotsika ndi yokhayo yoyenera, popeza timeneti timamva msanga ndipo gain ikakwera timatha kutulutsa kaphokoso konga mpweya wothawa m'tayala pamene gemu ili chete.

Chinthu china chimene ndachiyamikira n'chakuti chopotokola cha K5 Pro sichidutsitsa mawu mwachindunji monga zimachitira zopotokola za ma ampulifaya ambiri otchipa, zimene zikakhala pansi kwambiri khutu limodzi limamva mokweza kuposa linzake. Pano makutu onse amalandira mofanana ngakhale voliyumu ili yotsika. Pomvera nyimbo kapendekedwe kotere munthu angakapirire, koma m'gemu kangakutembenuzireni kumanzere pamene mdani ali kutsogolo. Chopotokola chomwecho ndi choyatsira, kotero nthawi iliyonse mumayambira pa ziro, ndipo zimenezi zimateteza makutu ku voliyumu imene munasiya dzulo.

Nkhani ya makutu ndiikhalitse pang'ono, chifukwa ampulifaya imeneyi imatulutsa mphamvu yofika 1.5 W pa 32 ohms, yoposa kutali imene mahedifoni ambiri amafuna. Bungwe la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire maola 40 pa sabata akumva mawu a 80 dB, ndipo mawu akakwera ndi 3 dB yokha, nthawi yotetezekayo imatsika ndi theka. Vuto la magemu owomberana n'lakuti mapazi amamveka motsika pamene mfuti imalira mokweza kwambiri, choncho amene akweza voliyumu kuti amve mapazi wakwezanso mfutiyo ndi muyeso womwewo. Ine masiku ano ndimayamba ndi kuwombera kangapo pamalo oyeserera, n'kuika voliyumu pamene kulira kwa mfuti sikundidzidzimutsa, ndipo ndikatero sindikhudzanso. Ngati mapazi akuvutabe kumveka, mankhwala ake ali m'zosankha za mawu za m'gemu momwemo, monga kutsitsa nyimbo ndi mawu a anzanu a pa Discord, pulogalamu yolankhulirana posewera, osati pa kaswitchi ka gain.

Pali zina zofunika kuzidziwa musanagule. Kachipangizoka kalibe polowetsera maikolofoni, kotero wosewera ndi anzake afunika maikolofoni ya USB kapena yolumikiza ku kompyuta payokha. Kamadaliranso adaputala ya magetsi a kukhoma, zomwe zikutanthauza kuti magetsi akazima, ngakhale laputopu ikhale ndi moto, mawu amathera pomwepo. Amene ali ndi PlayStation 5 akumbukire kuti makinawo alibe potulukira optical, ndipo njira yodalirika ndi kudzera pa optical ya TV, mtundu wa mawu m'zosankha za TV utaikidwa pa PCM chifukwa K5 Pro siimasulira mawu a mtundu wa Dolby.

Kwa munthu amene mahedifoni ake amamveka kale mokwanira pa kompyuta popanda kaphokoso, ndalamazo kuli bwino azisunge kapena agulire mahedifoni abwino. Koma amene ali ndi mahedifoni a 250 kapena 300 ohms omwe kompyuta ikulephera kuwayendetsa, kapena amene akumva kulira kwa magetsi m'makutu khadi la zithunzi likayamba kugwira ntchito yolemetsa, K5 Pro imuthandizadi. Yanga ili patebulo pano, gain ili pa sitepe yotsika, ndipo chopotokola chili pa 12 koloko.