Fiverr ndi mtengo wa ntchito ya mlembi: zimene ndaona pa zaka ziwiri

Fiverr ndi msika wa maganyu a pa intaneti umene unayamba m'chaka cha 2010 mumzinda wa Tel Aviv ku Israel, ndipo dzina lake linachokera pa madola asanu amene anali mtengo wa ganyu aliyense pa chiyambi. Ndakhala ndikugulitsirapo ntchito yolemba nkhani za pa mawebusaiti ndi yomasulira kwa zaka ziwiri ndili ku Lilongwe konkuno, ndipo anzanga angapo amene amalemba bwino koma sanalembedwe ntchito paliponse akhala akundifunsa ngati msikawu uli ndi phindu. Ndimawayankha kuti phindu lilipo, koma limafika kwa munthu amene wawerengera bwino mtengo wake asanauike poyera, chifukwa kayendetsedwe konse ka msikawu kamakokera mlembi ku mitengo yotsika.

Mlembi amayala ntchito yake ngati mmene wamalonda amayalira katundu pa benchi mumsika. Amafotokoza zimene angalembe, kuchuluka kwa mawu, masiku amene ntchito idzatenge ndi mtengo wake, ndipo akhoza kuigawa m'magawo atatu otchedwa Basic, Standard ndi Premium. Kasitomala ndiye amabwera kudzasankha. Apa Fiverr ikusiyana ndi Upwork, msika wina wa maganyu a pa intaneti, kumene mlembi amafunsira yekha ntchito ndipo amagwiritsa ntchito timatikiti totchedwa Connects, togulidwa pa masenti 15 a dola kamodzi, ngakhale ntchitoyo asaipeze. Kwa munthu woyamba kumene amene alibe mpamba, kusalipira kanthu polowa ndi chinthu chothandiza kwambiri.

Chimene ndimayamikira koposa zonse ndi chakuti kasitomala amalipira ntchito isanayambe, ndipo ndalamayo imasungidwa ndi Fiverr mpaka ntchito itaperekedwa. Amene analemberapo mabungwe ena a kuno kwathu akudziwa kufunika kwa zimenezi. Ndisanayambe maganyu a pa intaneti ndinalembera bungwe lina kabuku ka masamba 12, ndipo ndinayenda ulendo wa ku ofesi kwawo kasanu konse, tsiku lina ndikumva kuti cheke sichinasainidwe, tsiku lina kuti abwana ali ku msonkhano kunyanja, mpaka ndalama inatuluka patatha miyezi inayi, gawo lake lina litathera kale m'maminibasi. Pa Fiverr, kasitomala akalandira ntchito n'kukhala chete kwa masiku atatu, ntchitoyo imatengedwa kuti yavomerezedwa. Mlembi sapempha, sakumbutsa, ndiponso sagwada kwa munthu pa ndalama imene waigwirira ntchito.

Chitetezo chimenechi chili ndi mtengo wake, ndipo ndi wokwera. Fiverr imadula magawo 20 pa 100 aliwonse a ndalama imene mlembi wapeza, kuphatikizapo ndalama yapadera imene kasitomala wapereka pothokoza. Ndikuona kuti kudula ndalama yothokozera si chilungamo, pakuti imeneyo ndi mphatso ya pakati pa anthu awiri, ndipo msikawu unatenga kale gawo lake pa ntchito yeniyeniyo. Kasitomala nayenso amalipira kandalama kena pamwamba pa mtengo wa ganyu, kotero kuti iye amaona ngati walipira zambiri pamene mlembi akuona kuti walandira zochepa. Ntchito ikavomerezedwa, ndalama imadikiranso masiku 14 isanaloledwe kutuluka, kupatula kwa ogulitsa a pa mlingo wapamwamba amene amadikira masiku 7. Tikaphatikiza masiku atatu aja ndi masiku otumizira ndalama kudzera ku kampani yotumiza ndalama ya Payoneer mpaka ku banki, nkhani imene mwalemba kumayambiriro kwa mwezi ikhoza kudzakudyetsani mwezi ukutha. Munthu amene akuyembekezera ndalamayi kuti alipire lendi ayenera kudziwiratu zimenezi.

Mtengo wanga woyamba ndinauika molakwika, ndipo ndikuufotokoza mwatsatanetsatane chifukwa ndi cholakwa chimene olemba ambiri a kuno amachita. Ndinayang'ana mitengo ya ena, ndinaona kuti alipo ochuluka olemba mawu 1,000 pa madola 10, ndipo ndinatsatira pomwepo, ndikuganiza kuti madola 10 akasinthidwa kukhala makwacha ndi ndalama ndithu. Ganyu woyamba anali nkhani yonena za kasamalidwe ka mabatire a sola. Kufufuza kunanditengera maola awiri, kulemba maola awiri, kuwerenganso ndi kukonza ola limodzi. Fiverr itadula gawo lake ndinatsala ndi madola 8, kutanthauza dola imodzi ndi masenti 60 pa ola, ndisanachotsepo bandulo ya intaneti, mayunitsi a magetsi ndi zimene zimadulidwa potumiza ndi posintha ndalama. Choipa kwambiri chinali chakuti ndinalemba kuti ndidzakonza ntchito kangati konse kamene kasitomala angafune. Kasitomala wina anabweza nkhani imodzi kasanu ndi kamodzi, ndipo pa ulendo wachinayi anasintha mutu wonse wa nkhani, kotero kuti ndinalemba nkhani ziwiri pa mtengo wa imodzi. Munthuyo sanaswe lamulo lililonse, chifukwa ndine amene ndinamutsegulira khomo limenelo.

Kuchokera pamenepo ndimayambira ku nthawi yanga, osati ku mitengo ya anzanga. Ndimadzifunsa kuti ndikufuna kutsala ndi ndalama zingati pa ola, ndimachulukitsa ndi maola enieni a ntchitoyo, kuphatikizapo ocheza ndi kasitomala, kenako ndimagawa ndi 0.8 kuti gawo la Fiverr lisatuluke m'thumba langa. Ngati ndikufuna kutsala ndi madola 40, mtengo woika poyera ndi madola 50, osati 48 monga amaganizira ena amene amangowonjezera 20 pa 100 pamwamba. Kukonza kwaulere ndimalola kamodzi kokha, ndipo kukonza kwina, kufulumizitsa ntchito, kapena kufufuza kozama kuli ndi mtengo wapadera, zimene Fiverr imalola kuika ngati zowonjezera. Ntchito ikakhala yosiyana ndi imene ndinayala, ndimatumiza mtengo wa kasitomala ameneyo yekha nditamva kaye zonse zimene akufuna. Zida zoikira mitengo zimenezi ndi zabwino ndiponso zosavuta kuzimvetsa, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti olemba atsopano ambiri sazigwiritsa ntchito poopa kuthawitsa makasitomala. Nditakweza mitengo makasitomala anachepadi, koma amene anatsala anali odziwa chimene akufuna.

Pali chinyengo china chimene chimabwera ndi dola, ndipo si cha Fiverr koma cha chuma chathu. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 pa 100 mu November 2023, olemba olandira madola anaona makwacha awo akuchuluka pa pepala, ndipo ena anaganiza kuti akhoza kutsitsa mitengo kuti apeze ntchito zambiri. Koma shuga, mafuta ophikira, thiransipoti ndi lendi zinakwera motsatira, ndipo ndalama yolowera ku banki imasinthidwa pa mtengo wovomerezeka, pamene katundu wambiri m'mashopu amatsatira mtengo wa dola wa pamsewu. Mlembi woika mtengo wake poyang'ana kuchuluka kwa makwacha okha amadzinamiza.

Chiyambireni ChatGPT, pulogalamu ya pa intaneti yotha kulemba nkhani yokha, kumapeto kwa 2022, ntchito yolemba nkhani wamba za m'Chingerezi yatsika mtengo, ndipo pa gawo limeneli mlembi wa ku Malawi akupikisana ndi makina komanso anthu ambirimbiri a ku India, Pakistan, Philippines, Kenya ndi Nigeria. Sindikulimbikitsa aliyense kulowa mpikisano umenewo ndi mtengo wotsika, chifukwa nthawi zonse padzapezeka wina wotsitsa kuposa inu. Kumene ine ndapeza mtengo waulemu ndi pa Chichewa. Kumasulira uthenga wa zaumoyo kapena zaulimi, kulemba mawu a kanema, kuwerenganso zimene makina amasulira mokhotakhota, zonsezi zimafuna munthu amene amadziwa kuti mawu omveka kwa mayi wa ku Dedza ndi ati, ndipo otere pa msikawu si ambiri. Ntchito zake sizibwera tsiku ndi tsiku, koma zikabwera kasitomala sanenerera kwambiri, chifukwa alibe kwina kochuluka kopita. Zimandipweteka kuona anzathu akugulitsa luso losowa limeneli pa madola asanu, ngati kuti chinenero chathu ndi banyira wongowonjezera pa Chingerezi.

Chomaliza chofunika kuchidziwa ndi nyenyezi ndi nthawi. Kasitomala amapereka nyenyezi kuyambira imodzi mpaka zisanu, ndipo zimenezi, pamodzi ndi kupereka ntchito pa nthawi yake ndi kuyankha mauthenga msanga, zimakhudza mlingo wa mlembi komanso kuoneka kwa ntchito yake kwa ogula. Ganyu akangoyamba, wotchi imayamba kuwerenga chobwerera, ndipo wotchiyo sidziwa kuti magetsi athima ku Area 25 kapena kuti netiweki yavuta. Ine ntchito ya tsiku limodzi ndimailonjeza masiku atatu, ndipo laputopu ndimaitchaja nthawi iliyonse imene magetsi alipo. Mantha a nyenyezi zochepa amachititsa mlembi kuvomera ntchito yowonjezera yaulere, ndipo ichi ndi chofooka chenicheni cha dongosololi, chifukwa mphamvu zambiri zili m'manja mwa wogula.

Fiverr ndikuivomereza kwa mlembi amene ali ndi luso lodziwika bwino, monga Chichewa, zaulimi kapena zaumoyo, amenenso ali ndi kena kodalira pa miyezi yoyamba pamene makasitomala sanabwere. Sindikuivomereza kwa munthu wofuna ndalama ya sabata ino, kapena amene akufuna kuti ukhale msika wake wokhawo, pakuti malamulo ake saloleza kutengera kasitomala kunja kukalipirana mwachindunji, ndipo akaunti ikhoza kutsekedwa chifukwa cha zimenezo. Pakali pano pafupifupi theka la ntchito zanga limachokera kumeneko, ndipo mtengo wanga wotsikitsitsa ndi madola 30 pa mawu 500, ndi kukonza kamodzi.